Nyumba yatsopano ku Princeton kapena yakale ku Garland? Yankho kwa namwino wa ku Irving

Funso lomwe ndalandira likuti: "Ndine namwino, ndimagwira ntchito usiku pachipatala china ku Dallas. Ine ndi bambo a kunyumba tili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5, ndipo takhala pa lendi mu apatimenti ku Irving kwa zaka zisanu. Anzathu angapo agula nyumba zatsopano ku Princeton ndi ku Forney, akuti ife tikungotaya ndalama. Ena akuti tidikire, mitengo igwa. Kumudzinso tikumanga ku Lilongwe, nyumba yafika pamawindo. Kodi msika wa nyumba uli pati panopa, nanga moyo wa kumadera amenewo ndi wotani kwa banja ngati lathu?"

Achemwali, ndiyambe ndi kudziulula. Ntchito yanga ndi yoperekeza anthu pogula ndi kugulitsa nyumba kuno ku Dallas ndi Fort Worth, ndipo ndimalandira kanthu pokhapokha munthu akagula. Ndiye mukamandimva ndikuti musathamange, dziwani kuti ndikudzichotsa nsima pakamwa ndekha.

Za msika tiyambire pa chiwongoladzanja, chifukwa ndi chimene chatembenuza zonse m'zaka zapitazi. Mu Januwale 2021, ngongole ya nyumba ya zaka 30 inkapezeka pa 2.65 peresenti malinga ndi kawerengedwe ka Freddie Mac, bungwe lalikulu la ngongole za nyumba ku America, ndipo sichinatsikepo chotero chiyambire kuwerenga. Zinthu zitayamba kukwera mitengo, Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Marichi 2022, ndipo pofika Okutobala 2023 ngongole yomwe ija inali pa 7.79 peresenti. M'zaka za 2024 ndi 2025 chinkazungulira pakati pa 6 ndi 7, nthawi zina n'kupitirira 7 pang'ono. Manambala amenewa amaoneka aang'ono mpaka mutawaika pa ndalama zenizeni. Mukakongola madola 350,000 pa 3 peresenti, mumabweza pafupifupi madola 1,476 pamwezi. Ngongole yomweyo pa 7 peresenti ndi madola 2,329. Nyumba ndi yomweyo, zipinda ndi zomwezo, koma pamwezi pali kusiyana kwa madola opitirira 850. Mnzanu amene anagula mu 2021 akamakuuzani kuti lendi ndi kutaya ndalama, sakunama, koma akukamba za msika womwe kulibenso.

Anthu ambiri ankayembekezera kuti chiwongoladzanja chikakwera chonchi mitengo ya nyumba igwa ngati mmene zinakhalira mu 2008. Sizinatero, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amene ali ndi ngongole ya 3 peresenti sangagulitse nyumba yake kuti akatenge ina pa 7. Amangokhala phee, kukonza khitchini, kuwonjezera chipinda. Choncho ogula anachepa, koma ogulitsanso anachepa. Mu 2023 m'dziko lonse la America munagulitsidwa nyumba zakale pafupifupi 4.09 miliyoni, chiwerengero chotsikitsitsa chichokere 1995, ndipo 2024 sichinasinthe kwenikweni, koma mitengo ya dziko lonse inakwerabe. Mu 2008 nkhani inali ina: mabanki anakongoza anthu osafunsa ngati angathe kubweza, ndipo anthu atalephera, nyumba zolandidwa zinadzaza msika. Masiku ano banki imafufuza mpaka mumatopa nayo.

Koma kuno ku Texas kuli kosiyana pang'ono ndi ku Boston kapena ku California. Malo alipo ambiri, ndipo makampani omanga amamanga mosalekeza. D.R. Horton, kampani yomanga nyumba zochuluka kuposa ina iliyonse mu America, likulu lake lili konkuno ku Arlington. Chifukwa cha zimenezi, mitengo ya kuno inafika pachimake chapakati pa 2022, kenako inangoima, kwina n'kutsika pang'ono, ndipo ku Austin inatsika kwambiri kuposa kuno. Nyumba zodikira wogula zachuluka, zikukhalitsa pamsika, ndipo wogula akutha kunenerera, kupempha kuti wogulitsa akonze denga kapena athandize ndalama zotsekera mgwirizano. Mu 2021 zimenezi zinali maloto. Anthu ankapereka ndalama zoposa mtengo wolembedwa, ena osaiyendera n'komwe nyumbayo. Ndiye kwa amene akuti mudikire, ndinganene kuti palibe chokuthamangitsani, komanso musamange moyo wa banja lanu pa ulosi wa munthu. Amene ankati chiwongoladzanja chibwerera pa 4 pofika chaka chamawa akhala akunena zimenezo chaka ndi chaka. Werengerani pa chiwongoladzanja chimene banki ikukupatsani lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano za nyumba zatsopano zomwe anzanu agula. Ndikumvetsa chimene chimakoka. Mumalowa m'nyumba yachitsanzo, mukununkhira penti, khitchini yaikulu, zipinda zinayi, galaji ya magalimoto awiri, ndipo wogulitsa akukuuzani kuti mukatenga ngongole kudzera ku kampani yawo yobwereketsa akupatsani chiwongoladzanja chotsika kuposa cha kubanki. Zimenezi n'zoona, kampaniyo imalipiratu ndalama kuti chiwongoladzanja chitsike m'malo motsitsa mtengo wa nyumba. Funso loti mufunse ndi limodzi: kodi kutsikaku ndi kwa zaka zonse 30, kapena kwa chaka choyamba ndi chachiwiri chokha? Pali mtundu wina umene chaka choyamba amachotsa 2 peresenti, chachiwiri 1 peresenti, chachitatu mwabwerera pa mtengo wonse. Wina amasaina akuganiza kuti zomwe akulipira mwezi woyamba ndi zomwe adzalipire mpaka kalekale. Palinso china chimene wogulitsa sangakuuzeni. Mukadzafuna kugulitsa pakatha zaka zitatu, kampani ija idzakhala ikumangabe kuseri kwa msewu wanu, ikugulitsa nyumba zatsopano ndi chiwongoladzanja chotsitsidwa. Inu ndi nyumba yanu yokhalidwa kale mudzapikisana nayo bwanji?

Nkhani imene ndikufuna tikhalirepo pansi ndi ya msonkho, chifukwa ndi imene yaliza Amalawi ambiri omwe ndawadziwa, ineyo ndili m'gulu lomwelo. Ku Texas kulibe msonkho wa boma la chigawo pa malipiro, ndipo anthu amanyadira zimenezi. Koma masukulu, apolisi, misewu ya mumzinda, zonse zimadya pa msonkho wa nyumba. Mukaphatikiza wa mzinda, wa county (dera lofanana ndi boma kwathu), wa masukulu, nthawi zina wa koleji ndi chipatala, m'madera ambiri a kuno umafika cha m'ma 2 peresenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse. Tingoyerekeza nyumba ya madola 380,000 pa 2.2 peresenti: ndi madola 8,360 pachaka, pafupifupi 700 pamwezi, ndipo msonkhowu sutha ngakhale ngongole mutamaliza.

M'madera atsopano mumawonjezekanso mayina awiri achidule omwe muyenera kuwadziwa ngati dzina la mwana wanu: MUD ndi PID, madera okhala ndi msonkho wapadera. Pamene munda wa thonje kapena dambo la ng'ombe likusanduka mudzi wa nyumba, pamafunika mapaipi a madzi, ngalande za zonyansa, misewu. Ndalama zake zimakongoledwa, ndipo obweza ndi inu ogula nyumba, kudzera mu msonkho wapadera womwe ungatenge zaka makumi awiri kapena atatu. Lamulo limati wogulitsa akudziwitseni polemba, ndipo amaterodi, koma pepala lake limabwera pakati pa mulu wa mapepala ena pamene dzanja latopa kale ndi kusaina. Nyumba ziwiri za mtengo umodzi, ina ku Garland ina m'dera la MUD, sizilipira mofanana pamwezi.

Changa chinandichitikira motere. Nyumba yathu yoyamba tinagula yatsopano. Chaka choyamba tinkalipira bwinobwino, mpaka tinagula mipando ya pabalaza pangongole poona kuti ndalama zikutsala. Chaka chachiwiri kunabwera kalata yochokera kwa otolera ngongole, yonena kuti mu escrow, thumba lomwe amasungiramo ndalama za msonkho ndi inshuwalansi, muli kupereŵera, ndipo malipiro a pamwezi akwera ndi madola mazana angapo. Ndinaiwerenga kalatayo nditaimirira pa bokosi la makalata, dzuŵa likuswa mtengo, ndinaibwereza katatu. Chinachitika n'chakuti msonkho umawerengedwa potengera mmene malo analili pa 1 Januwale. Pa tsikulo, pamalo pathu panali dothi ndi zikhomo basi, ndiye msonkho wa chaka choyamba unali wa malo opanda nyumba. Chaka chotsatira anawerengera nyumba yonse, ndipo tinayenera kulipira msonkho watsopano pamodzi ndi kubweza zomwe zinapereŵera. Palibe amene anatibera. Sitinafunse basi, ndipo safunsa anadya phula. Mukamayang'ana nyumba yatsopano, auzeni akuwerengereni malipiro a pamwezi pogwiritsa ntchito msonkho wa nyumba yomalizidwa, ndipo nambala imeneyo ndi imene mupite nayo kunyumba kukakambirana ndi bambo.

Chothandiza chilipo. Mukangolowa, lembetsani homestead exemption ku ofesi yowerengera mitengo ya nyumba ya county yanu. Ndi yaulere, ngakhale mudzalandira makalata ooneka ngati a boma okupemphani ndalama kuti akulembereni. Amenewo ponyani m'bini. Adiresi ya pa laisensi yanu iyenera kufanana ndi ya nyumbayo. Kulembetsaku kumachotsa gawo la mtengo wa nyumba powerengera msonkho wa masukulu. Mu 2023 anthu anavota kuti gawolo likwere kufika pa madola 100,000, ndipo mu Novembala 2025 anavotanso kuti lifike pa 140,000. Kumatetezanso kuti mtengo wowerengera msonkho usakwere kuposa 10 peresenti pachaka. Ndipo chaka chilichonse muli ndi ufulu wotsutsa mtengo umene akuikirani, nthawi zambiri pasanafike pa 15 Meyi. Ife timachita manyazi kutsutsana ndi boma, koma kuno aneba anu onse amatsutsa, ndipo palibe amene amawaona ngati amwano.

Inshuwalansi nayo yakwera kwambiri kuno, makamaka chifukwa cha matalala. Matalala a kumpoto kwa Texas si aja tinkatola tili ana n'kumadya. Ena amakula ngati dzira la nkhuku ndipo amaswa denga ndi magalasi a galimoto. Makampani ambiri amaika kuti pa ngozi ya mphepo ndi matalala, inu muyambe mwalipira 1 kapena 2 peresenti ya mtengo wa nyumba iwo asanathandize. Pa nyumba ya 380,000, 2 peresenti ndi madola 7,600 a m'thumba mwanu. Dothi lakunonso ndi lamakande, limafufuma mvula ikagwa n'kuuma mpaka kung'ambika m'chilimwe, ndipo maziko a nyumba amasuntha nalo. Mudzaona aneba akuthirira madzi m'mbali mwa nyumba mu Ogasiti, osati maluwa koma maziko. Musawaseke.

Tibwere ku msewu. Princeton inali ndi anthu pafupifupi 17,000 pa kalembera wa 2020, ndipo pofika 2024 inali itadutsa 37,000, mpaka inatchulidwa kuti ndi mzinda wokula mofulumira kwambiri mu America chaka chimenecho. Mu 2023 ulemu umenewo unali wa Celina, mzinda winanso wa konkuno. Kukula kotereku kuli ndi mtengo wake: mu Seputembala 2024 khonsolo ya Princeton inaimitsa kaye kuvomereza nyumba zatsopano chifukwa madzi, misewu ndi apolisi sizinkakwanira. Msewu wa US 380, umene anthu a kumeneko amadalira, aliyense wokhala ku Collin County, komwe kuli Princeton, ali ndi nkhani yake yodandaula. Ku Forney nkhani ndi yomweyo pa US 80. Walira mvula walira matope. Frisco inadutsa momwemo, kuchoka pa anthu 33,000 mu 2000 kufika 200,000 mu 2020, ndipo lero ili ndi zonse, koma amene anapirira fumbi ndi misewu yopapatiza anapirira zaka zambiri.

Inu a usiku muli ndi mwayi pang'ono, chifukwa mumalowa mumzinda pamene ena akutuluka. Koma mtunda sufupika. Taganizani mwatuluka m'wodi 7 koloko m'mawa mutaima maola 12, maso akulemera, ndipo kutsogolo kuli ulendo wa pafupifupi ola lathunthu. Ine chimandiopsa ndi chimenecho kuposa chiwongoladzanja. Onjezani mafuta, matayala, ndi misewu yolipira monga Dallas North Tollway ndi Sam Rayburn Tollway. Kuno si ngati pa Chingeni pamene mumaima n'kupereka ndalama m'manja n'kumva kuŵaŵa. Kamera imangowerenga, ndalama n'kumachoka mu akaunti mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira pakutha pa mwezi. Kumadera amenewo kulibe basi kapena sitima yodalirika. Galimoto imodzi ikawonongeka, wina sapita kuntchito. Amayi anu akadzabwera kudzacheza miyezi ingapo, adzakhala m'nyumba ngati mkaidi, chifukwa palibe kumene angayende wapansi kukagula ngakhale tomato.

Mwafunsa za moyo wa kumeneko, ndipo ndikuyankhani mosabisa. Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa munthu wochokera kwathu ndi bata. Anthu amafika pagalimoto, chitseko cha galaji chimatseguka chokha, galimoto imalowa, chitseko n'kutsekeka. Mukhoza kutha mwezi osaona nkhope ya munthu wa nyumba yoyandikana nanu. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 38, ndipo palibe amene amakhala pakhonde. Mu apatimenti muli phokoso, inde, koma ana anu amakumana ndi anzawo pamasitepe ndi pabwalo popanda wina kukonza. Ku nyumba zoima pazokha, kucheza kwa ana kumapanganidwa pa foni ndi makolo, tsiku ndi ola. Kulibe zoti mwana wapita kukaseŵera kwa aneba ndipo adya komweko.

Sindikunena kuti anthu ake ndi ouma mtima. Ubale ulipo, koma uli ndi makomo ake, ndipo muyenera kuwadziwa. Khomo lalikulu ndi sukulu. Pamene mukudikira basi yachikasu m'mawa ndi pamene mumadziwana ndi amayi anzanu. Masewero a ana Loweruka, dziwe losambira la m'dera, tchalitchi, tsamba la Facebook la anthu a m'deralo pamene amakangana za agalu ndi kufunsana za okonza mapaipi. Lachisanu madzulo m'nyengo ya mpira wa ku America, mzinda wonse umakhamukira ku bwalo la sukulu ya sekondale. Ku Allen anamanga bwalo la anthu 18,000 la madola pafupifupi 60 miliyoni, lotsegulidwa mu 2012, la ana a sukulu. Mukaona zimenezo mumamvetsa kumene msonkho uja umapita komanso chimene anthu a kuno amachikonda. Pa 31 Okutobala ana amayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti, ndipo kaya mwambowo mumaukonda kaya ayi, ndi usiku umodzi pachaka umene msewu wonse umakhala panja. Kumayambiriro kwa Okutobala kulinso madzulo a National Night Out, omwe ku Texas amachitika mwezi umenewo pothawa kutentha kwa Ogasiti, pamene aneba ndi apolisi amakumana pamsewu n'kudyera limodzi. Ndipo pa chisanu choopsa cha February 2021, magetsi atazima masiku angapo ndi mapaipi kuphulika, ndinaona anthu omwe sankapatsana moni akugawana nkhuni, madzi ndi jenereta.

Chimene madera atsopano ali nacho chabwino n'chakuti aliyense ndi mlendo. Palibe amene anabadwira pamenepo. Mumsewu umodzi mupeza banja la ku India, la ku Nigeria, la ku Mexico, la ku Zimbabwe, ndi lina lothawa mitengo ya ku California, onse ali ndi ana aang'ono, onse akufuna anzawo. Kumeneko kupeza mabwenzi kumaphweka kusiyana ndi msewu wakale umene anthu ake anakalambira limodzi. Mfundo imeneyi ndiyipereka kwa anzanu aja, akunena zoona.

Koma ganiziraninso za anthu athu. Kukagwa maliro kumudzi, mwambo wathu kuno ndi wosonkhana panyumba ya wofedwa, kuimba, kupemphera, kusonkha ndalama. Magalimoto makumi awiri amadzaza msewu mpaka usiku. Ngati mukukhala kutali ndi anzanu ola lathunthu, obwera amachepa, ndipo inunso mumayamba kujomba kwa ena, osati mwadala koma chifukwa cha mtunda ndi ntchito. Pang'ono ndi pang'ono mumapezeka kuti mwatuluka m'gulu. Amene amakutengerani ana kusukulu mukachedwa ku shifiti ali kuti? Tchalitchi chanu chili kuti? Sitolo imene mumagula ufa ndi usipa ili kuti? Lembani malo amenewa papepala pamodzi ndi chipatala chanu ndi kuntchito kwa bambo, muone pakati pake pagwera pati. Ndipo tsiku limene mudzakhale ndi msonkhano wotere panyumba panu, gogodani kwa aneba a mbali zonse dzulo lake, muwauze kuti mwaferedwa ndipo kubwera anthu. Ambiri amabweretsa chakudya. Mukapanda kuwauza, amaimbira apolisi.

Pafupifupi dera lililonse latsopano lili ndi HOA, bungwe la eni nyumba lomwe mumalowa mukangogula, kufuna kaya kusafuna. Mumalipira chaka ndi chaka, ndipo limasamalira dziwe, mapaki ndi mipanda. Lilinso ndi malamulo: kutalika kwa kapinga, mtundu wa penti, nthawi yobweza bini m'galaji, nthawi zina ngakhale zoyanika zovala poonekera. Chimanga kutsogolo kwa nyumba, iwalani. Kuseri kwa mpanda anthu athu amalima nkhwani, mpiru ndi therere bwinobwino, ndipo therere limakonda kutentha kwa kuno. Musaitenge HOA mwachibwana, chifukwa ku Texas ikhoza kufika pogulitsitsa nyumba yanu kudzera kukhoti ngati simukulipira. Mphamvu zake nthawi zina zimapyola malire. Mu 2022 HOA ya ku Providence Village, ku Denton County, inakhazikitsa lamulo loletsa eni nyumba kuchititsa lendi anthu olandira thandizo la boma lolipirira lendi lotchedwa Section 8, ambiri mwa iwo akuda, ndipo zinatengera nyumba ya malamulo ya Texas kukhazikitsa lamulo mu 2023 loletsa mchitidwe wotere. Pemphani malamulo a HOA muwerenge musanasaine.

Pamenepa ndiyankhe funso lomwe simunalembe koma aliyense amandifunsa m'galimoto: kodi anthu akuda amalandiridwa kumeneko? Mbiri ya madera oterewa si yoyera. Levittown, mudzi wa ku New York womwe unayamba mu 1947 ndipo umatengedwa ngati kholo la madera onsewa, sunkalola anthu akuda. Lamulo la Fair Housing Act la 1968 ndi limene linaletsa tsankho pogulitsa nyumba, ndipo lamulo lomwelo limandiletsa ine kukulozerani dera potengera mtundu wa anthu okhalamo. Ndiye wothandiza kugula nyumba akamazemba funso limeneli, sikuti akukubisirani. Pitani nokha mukaone, mukaime pasukulu nthawi yoweruka, mukalowe m'sitolo ya pafupi, mumve mmene akukuyang'anirani.

Maganizo anga pa banja lanu ndi awa. Musanapite kutali, yang'anani madera akale omwe ali pafupi ndi mzinda: Garland, Mesquite, Carrollton, Grand Prairie, mbali zina za Richardson ndi Arlington, ngakhale Irving momwe mulimo. Nyumba zake zambiri ndi za m'ma 1960 mpaka 1980, za njerwa, zosanja ayi, zipinda zitatu, mitengo ikuluikulu ya mthunzi. Zambiri zilibe HOA, zilibe MUD. Sitima ya DART imafika ku Garland, Richardson, Carrollton, Irving ndi Plano, choncho mlendo kapena mwana akakula akhoza kuyenda popanda galimoto. Sizinyezimira ngati za ku Princeton, ndipo pa chithunzi chotumiza kumudzi sizidzadabwitsa anthu. Zilinso ndi matenda ake: mapaipi achitsulo a pansi pa simenti omwe amadyeka ndi dzimbiri, maziko osuntha, makina oziziritsa okalamba. Mwayi wake ndi wakuti mgwirizano wogulira nyumba ku Texas uli ndi masiku ochepa otchedwa option period, omwe mumalipira kandalama kochepa kuti mukhale ndi ufulu wobwerera m'mbuyo pa chifukwa chilichonse. M'masiku amenewo itanani woyendera nyumba, ndipo pa nyumba yakale lipirani padera kuti alowetse kamera m'mapaipi a zonyansa ndi kuyeza maziko. Ngakhale nyumba yatsopano iyenderedwe. Omanga amathamanga, ndipo ndaonapo zodabwitsa m'denga la nyumba yosagonamo munthu.

Za ndalama zoyambira, simufunika 20 peresenti monga ambiri amaganizira. Ngongole ya FHA, yomwe boma limaiteteza, imalola 3.5 peresenti ngati mapointi a mbiri yanu ya ngongole ali pa 580 kapena kuposa, ndipo ngongole wamba zina zimayambira pa 3 kapena 5 peresenti, kungoti mukapereka zosakwana 20 mumalipira inshuwalansi yoteteza banki mwezi ndi mwezi. Kuyambira mu Meyi 2025, FHA sikulandiranso anthu omwe alibe chilolezo chokhala mu America mokhazikika, choncho amene ali pa viza ya ntchito ayang'ane ngongole wamba. Sunganinso ndalama zotsekera mgwirizano, zomwe zimatha kufika 2 mpaka 5 peresenti. Ndipo chichokere mu Ogasiti 2024, wothandiza kugula nyumba ayenera kusainirana nanu pepala lonena malipiro ake asanakuonetseni nyumba. Malipirowo ndi okambirana, musaope kunenerera, ngakhale ndi ine.

Pali msampha wina umene umagwira ife makamaka. Banki imafuna kuona mapepala a akaunti yanu a miyezi iwiri, ndipo ndalama iliyonse yaikulu yolowa iyenera kufotokozedwa kumene yachokera. Ndalama za chipereganyu zomwe mwalandira m'manja n'kukaponya ku akaunti sabata yatha, banki siziwerenga, ndipo zikhoza kuchedwetsa zonse. Ngati mukudalira chipereganyu, konzani kuti mulandire miyezi itatu musanapemphe ngongole. Wachibale akakuthandizani, alembe kalata yonena kuti ndi mphatso. Kuyambira tsiku lopempha ngongole mpaka kulandira makiyi, musagule galimoto, musatenge mipando pangongole, musasainire mnzanu ngongole yake.

Nyumba ya ku Lilongwe ndiyo ndikufuna muikambirane moona mtima ndi bambo. Banki siiona, chifukwa si ngongole yolembedwa, ndiye idzakuuzani kuti mukhoza kukongola ndalama zambiri kuposa zomwe mungathe. Siidziwa za simenti, za malata, za fizi ya ana a achimwene, za foni ya pakati pausiku yonena kuti amayi agonekedwa. Inu ndi amene mukudziwa. Tengani malipiro enieni a pamwezi, ngongole, msonkho wa chaka chachiwiri, inshuwalansi, HOA, magetsi a chilimwe, ndi kena kosungira zokonza, muwonjezere zomwe mumatumiza kumudzi. Ngati zikukwanira pokhapokha mutatenga mashifiti owonjezera mwezi uliwonse, nyumbayo yakula. Ndipo ngati mumtima mukuona kuti pasanathe zaka zisanu mudzasamuka, kaya kubwerera kumudzi kaya kupita chigawo china, khalani pa lendi mufoleretu ya ku Lilongwe. Kugula ndi kugulitsa kumadya ndalama zambiri, ndipo pa chiwongoladzanja cha masiku ano zaka zoyambirira mumalipira chiwongoladzanja chokhachokha, ngongole yeniyeni imangosuntha pang'ono. Pamsika umene mitengo yaima, munthu wogulitsa pakatha zaka ziwiri amatuluka ndi manja okha, mwinanso kuwonjezera zake.

Ngati mukukhala, ndipo mtima ukukokerabe ku Princeton kapena ku Forney, chitani ichi musanapereke ndalama iliyonse. Tsiku lina mukaweruka m'mawa, musapite ku Irving. Yendetsani galimoto mpaka pakhomo pa nyumba imene mwaikondayo, muone nthawi, mumve mmene thupi lilili pofika. Bambo nawonso ayese ulendo wawo Lachiwiri m'mawa nthawi yeniyeni yopita kuntchito. Kenako mubwerere nonse Loweruka madzulo ndi ana, muimike galimoto, muyende wapansi msewu wonse, ndipo mukapeza munthu akuthirira kapinga mumufunse kuti msonkho wake wa chaka chatha unali zingati.